Umembala wa Golide ndi Nyimbo ya Majarini

"Musafukule ndi khasu, muiswa," anatero Gelesoni. "Dikirani ndiyiimbire, timve pamene ikulirira."

Foni yanga inali itagwera m'manda. Manda ake tinali tisanamalize kukumba, anali atafika m'chifuwa. Ndinawerama kuti ndione ngati ngodya zawongoka, foni n'kutsetsereka m'thumba la malaya, dothi la m'mbali n'kugumuka kuikwirira. Tinalipo adzukulu asanu ndi atatu, ife okumba manda m'mudzi mwathu, ndipo tcheya wawo ndine. Gelesoni ndi wachiwiri wanga. Ndi munthu wolimbikira ntchito, koma pakamwa pake palibe chitseko.

Ndikanadziwa, foniyo ndikanaisiya ipite limodzi ndi malemu.

Koma ndibwerere kaye m'mbuyo, mungasochere.

Ine ndine mlimi wa mtedza, mudzi wathu uli kuseri kwa Kamwendo, ola limodzi pa njinga. Sukulu ndinalekeza Sitandade 6. Zolankhulalankhula sindizikonda. Akazi anga, a Nabanda, amadziwa kuti ndikati "Hmm" ndiye kuti ndiwo zakoma. (Ndikati "Hmm" kawiri, mchere wachuluka.)

Chaka chapitacho mvula yomaliza inandichita chipongwe. Ndinakumba mtedza, kuuyanika, kumwamba kuli mbee, ine n'kupita kumaliro ku Mkanda. Pobwera ndinapeza wonse wanyowa. Theka unachita chuku. Mavenda anangoununkhiza n'kukwera njinga zawo. Mwana wathu Tadala, amene amagwira ntchito ku Lilongwe, atamva anatumiza foni yosisita ndi chala ija, n'kunena kuti ndipite nayo kwa a Yusufu akandiikire za nyengo. A Yusufu ali ndi shopu pa Kamwendo. Amagulitsa mabatire ndi matchaja, amatumizanso ndalama pa foni. Ndi munthu wofatsa, wa ndevu zosamalidwa bwino.

"Ilipo kampani ina ya mumzinda," anatero a Yusufu. "Mumalipira kamodzi pa chaka, iyo imakuuzani za mvula m'mawa uliwonse kudzera pa intaneti. Pali umembala wamba, pali wa golide."

"Kusiyana kwake?"

"Wamba ndi mvula basi. Wa golide ndi wokwererapo, koma uli ndi basera."

Apa ndiye anandigwira pakhosi. Ine basera sindikana. Ndikagula tomato pamsika ndimaima pomwepo, osanena kanthu, mpaka mayi wogulitsayo achite manyazi aikepo kamodzi kapamwamba.

A Yusufu anayamba kutchula. Chipewa. Mitengo ya mbewu m'misika ikuluikulu. Kulankhula ndi mlangizi wa zaulimi kamodzi pa mwezi. Uthenga wa mafuno abwino pa tsiku lobadwa.

"Palinso za nyimbo," anatero. "Koma izi mwina inu a tcheya…"

"Zili mumtengo womwewo?"

"Zilimo."

"Ikani."

"Ndiye musankhe kaye, ndikumvetseni…"

"Ikani iliyonse. Ndikuchedwa."

(Mvetsani bwino apa. Munthuyo anayesa kundichenjeza. Amene anamudula pakamwa ndine.)

Ine ndinkayesa kuti nyimbozo aziika m'kati mwa foni ngati wailesi, wofuna azimvera. Sindinazifunefune. Nyimbo ndimaimba kutchalitchi, nakonso motsitsa.

Za basera winayo ndinene mwachidule. Chipewa chinali chobiriwira, chokhala bwino m'mutu, koma dzuwa la miyezi itatu linachisandutsa chotuwa. Mlangizi ndinamuimbira kamodzi. Anandifunsa mafunso ambiri kuposa adokotala, pomaliza n'kundiuza kuti ndizipalira msanga. Zimenezo anandiuza kale bambo anga, kwaulere, chikwapu chili m'manja. Mitengo ya m'misika inkabwera ndithu, koma ukamuonetsa venda amangoti, "Kagulitseni ku foniko." Uthenga wa tsiku lobadwa unafika pa 1 Januwale, poti ndi tsiku limene analemba pa chitupa changa. Tsiku lenileni ngakhale mayi anga sankalidziwa. Ankangoti inali nthawi yokumba mbewa.

Za mvula zokha ndiye ndisaname, zinathandiza. Tsiku lina foni inati kugwa mvula masana, bondo langa, limene limawawa mvula ikayandikira, lili chete, kumwamba kulibe ngakhale kamtambo. Ndinayanula mtedza anzanga akundiseka. Inagwa. Masiku ena inkanena mvula, dzuwa n'kuswa mtengo tsiku lonse. Koma bondo langa nalo limanama, ndipo sindinalidule.

Tsono panayamba kuchitika zinthu zimene sindinkazimvetsa.

Poti ndine tcheya wa adzukulu, kukagwa zovuta foni yoyamba imabwera kwa ine. Kale munthu ankayamba ndi mawu otsika: "Pepani a tcheya, kuno kwaipa." Tsopano ndikayankha ndinkamva munthu akutsokomola, kapena akufwenthera, mawu osatuluka. Ndinkati ndi kulira. "Limbani mtima," ndinkatero. Kutsokomola kuja n'kuwonjezeka. Ena ankachita kudula n'kuimbanso patapita kanthawi.

Kenako a Mbewe, mkulu wa mpingo wathu, anandikokera pambali titatuluka m'mapemphero. Anandigwira dzanja osalisiya.

"Achimwene, ukalamba uli ndi mayesero ake. Mtima umafuna kubwerera ku unyamata. Tikukupemphererani."

"Zikomo," ndinatero. Pemphero nalo sindikana.

Tsiku lina ndinalowa pomwera tiyi pa Kamwendo. Munali akabaza angapo, anyamata onyamula anthu pa njinga aja. Mayi wogulitsa atandiona anayamba kupukuta tebulo loyera kale.

"A tcheya, takulandirani. Buledi wake ndipake majarini?"

"Pakani."

"Mbali zonse ziwiri?"

Mmodzi wa akabaza aja tiyi anamutulukira m'mphuno. Wina anathawira panja. Ine ndinayang'ana malaya anga, ndinayang'ana zipi. Zonse zinali m'malo mwake. Ndinadya buledi wanga n'kumapita. Achinyamata amasiku ano amaseka ngakhale khoma.

Analinso a Zuze, nkhalamba ya m'mudzi mwathu imene kale inkakhoma zidebe. Masana aliwonse foni inkalira, dzina lawo. Ndikati "Halo," iwo n'kudula. Mawa lake chimodzimodzi. Ndinati ndi ukalamba, zala zikungogunda mabatani.

Koma chachikulu chinali kunyumba. A Nabanda anayamba kundiimbira ndili kumunda. Munda wathu uli poti munthu akakuwa ali pakhonde ndimamva.

"Halo."

"Iii, mwayankhiranji msanga?"

"Mukufuna chiyani?"

"Palibe. Mbuzi zili bwino?"

"Mbuzi zili kwanuko."

"Oo. Chabwino."

Sipankapita nthawi, ikuliranso. Komanso m'mawa panayamba kupezeka mbatata yootcha, yong'ambidwa pakati, atapakamo majarini. Madzi osamba ankabwera ofunda bwino, pambali pali sopo wonunkhira uja timasungira alendo. Mayiwo ankasesa pabwalo akung'ung'udza kanyimbo kena kamene sindinkakadziwa. Ine ndinachenjera. Ndinati apa pakubwera pempho, mwina malata atsopano a kukhitchini. Ndinadikira mwezi, miyezi iwiri, isanu. Pempho silinabwere. Ndinangonenepa.

Tsopano tibwerere kumanda kuja. Amene tinkawakumbira anali a Zuze omwewo. Anapita atadya zaka zawo, ali ndi zidzukulutudzi, ndiye maliro ake sanali owawa kwambiri.

Gelesoni anatulutsa foni yake. "Manja anga ali ndi dothi, sindiika kukhutu. Ndiika pa sipika."

Anadina. Panamveka gitala, kenako ng'oma yodumphadumpha, kenako mawu a mnyamata, opyapyala ngati a udzudzu:

"Chiphadzuwa changa, sendera kuno,
ukandiyang'ana ndimasungunuka
ngati majarini pa mbatata yamoto,
aa mayo, ndasungunuka ine!"

"Zimitsa wailesiyo," ndinatero. "Tili kumanda."

"Si wailesi, a tcheya. Ndinuyo."

"Ine bwanji?"

"Aliyense akakuimbirani amamva imeneyi podikira kuti muyankhe."

Ndinayang'ana nkhope za anzanga mmodzimmodzi. Panalibe wodabwa. Wina milomo yake inkayenda, mawu onse ankawadziwa pamtima.

"Kuyambira liti?"

"Kuyambira tsiku lija munabwera ndi chipewa chobiriwira."

Pafupifupi chaka chathunthu. M'mutu mwanga munadutsa anthu onse amene anandiimbira kundiuza za maliro. Abusa. Aphunzitsi aakulu. Apongozi a Tadala. Munthu ali ndi chisoni, mtembo uli m'nyumba, akuimbira tcheya wa adzukulu, n'kumva kuti tcheyayo wasungunuka. Foni yako sumadziimbira wekha. Ndi ngati chigamba cha kumbuyo kwa buluku, mudzi wonse umachiona kupatula mwini wake.

"Bwanji osandiuza?"

"Timayesa mwasankha nokha," anatero Gelesoni, nkhope ili gwa. "Munthu wamkulu sitimulowerera za mumtima."

Paja ife adzukulu mwambo umatilola kuseka pamaliro. Ntchito yathu ndi yolemera, nthabwala ndizo zimaipepuza, ndipo palibe wotidzudzula. Lamulo limeneli ndakhala ndikuliteteza zaka zambiri. Tsiku limenelo linandiluma ine.

Foni inkamveka kulira pansi pa dothi, koma motsitsa, ndipo isanadziwike pamene ili inkadula. Ndiye panafunika kuimbanso. Ndinatsikira m'dzenjemo, kugwada, n'kuyamba kufukula ndi manja. Pamwamba amuna asanu ndi awiri anaika makasu pamapewa, akuponda pansi motsatira ng'oma.

"Kumanzere, a Majarini!" anakuwa Gelesoni. "Mukusungunukira kolakwika!"

"Dula foniyo."

"Ndikadula muipeza bwanji?"

Anaimba kachitatu. Kachinayi. (Ndikukhulupirira kuti iye anali ataona kale pamene inagwera. Mpaka lero amakana.)

Pa kachisanu phokoso la makasu linangoti zii, nyimbo yokha ndiyo inapitirira. Ndinakweza mutu. M'mphepete mwa manda munali mutaima a Mbewe, mkulu wa mpingo uja, pamodzi ndi mwini maliro, mwana wa mlongo wa a Zuze. Anabwera kudzaona ngati tamaliza. Anapeza tcheya atagwada m'manda, dothi mpaka m'zigongono, udzudzu uja ukuimba kuti wasungunuka.

A Mbewe anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta. Mwini maliro anagwira pakamwa, mapewa akugwedezeka. Ndinati apa pali mlandu wa mbuzi.

"Pepani," ndinatero ndili pansipo.

"Ayi a tcheya, musapepese," anatero akupukuta misozi. "Malume ankaikonda nyimbo imeneyi. Wailesi yawo itafa ankakuimbirani inu masana aliwonse. Amangodandaula kuti mumayankha msanga, pabwino pasanafike. Isiyeni ithe, amvereko komaliza."

Tinaisiya. Inatha. Foni ndinaipeza pangodya, ndinaipukuta pa buluku n'kutuluka.

"Tiyeni timalize," ndinatero.

Tinamaliza, ndipo a Zuze tinawaika bwino. Manda ake anali owongoka ngati ojambula ndi lula, zimenezo ndiye palibe angatsutse. Koma pobwerera kumudzi ndinkamva kumbuyo kwanga wina akuimba mluzu, wina n'kulandira.

Sabata imeneyo n'kuti mauthenga akubwera tsiku ndi tsiku: umembala wanu wa golide utha Loweruka, lipiraninso kuti mupitirize kusangalala. Kusangalala! Ndinatsimikiza mtima. Loweruka ndipita kwa a Yusufu, nyimbo ichoke, golide achoke, dzina langa libwerere.

Lachisanu dzuwa litapendeka ndinali pabwalo kupopa njinga. A Nabanda anali pakhonde akuswa mtedza wa mbewu m'lichero.

"Mawa ndipita kwa a Yusufu," ndinatero.

"Kukatani?"

"Kukachotsa nyimbo ija."

Manja awo anaima.

"Yakutopetsani?"

"Anthu akuseka."

"Anthu," anatero. Anaswa mtedza uwiri, utatu, osandiyang'ana. "Bambo a Tadala, takhala zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri. Mawu okoma m'kamwa mwanumo sindinawamvepo. Tsiku la ukwati wathu anthu atabalalika munandiuza chiyani? Munati, 'Tiyeni, kukuda.' Sindidandaula, ndi mmene anakulengerani. Ndiye tsiku lina ndikukuimbirani kuti mugule mchere, ndikumva zimenezija. Ndinakhala pansi pamtondo. Ndinati bambowa pakamwa pawakanika, atuma foni."

Ndinasiya kupopa, iwo n'kupitiriza.

"Ena ankati mwapeza kamtsikana ku Kamwendo. Ndinawaseka. Ndinati kamtsikana kakudziwa bwanji za mbatata? Mbatata yamoto amene amakuotcherani ndani? Ndinadziwa kuti mwachita kusankha."

Ndinatsegula pakamwa. Chilungamo chinali pa lilime penipeni: nyimboyo anadina a Yusufu, maso awo ali kwa kasitomala wina wofuna tchaja. Ndinawayang'ana mayiwo. Duku latsopano. Imvi ziwiri zitatulukira pambali pa khutu. Manja aja akhala akulima nane kuyambira tilibe ngakhale nkhuku.

Ndinatseka pakamwa.

"Tayala ili likuphwa," ndinatero. Linali lolimba ngati mwala, ndinali nditangolipopa.

"Kachotseni," anatero iwo, n'kuyambanso kuswa mtedza. "Ulemu wanu ndi wofunika. Ine ndinailoweza kale."

Loweruka m'mawa mbatata inabwera monga mwa masiku onse, majarini ali momwemo. Zikanakhala bwino akanakwiya.

Pa njinga ndinali ndi ola lathunthu loganiza. Chipewa, chosuluka. Mlangizi, bambo anga anamuposa. Mitengo, venda samva. Tsiku lobadwa, labodza. Chaphindu chinali mvula yokha, ndipo mvula ili mu umembala wamba, wotsika mtengo. Mwana wa Sitandade 2 akhoza kukuuzani chochita. Ndinafika pa Kamwendo nkhani nditaimaliza.

M'shopu munali anthu, ena akutumiza ndalama, ena akudikira mafoni awo pa magetsi. A Yusufu atandiona anaika dzanja pachifuwa.

"A tcheya, za kumanda ndamva. Pepani ndithu. Paja ndinayesa kukuuzani."

"Munayesa."

"Ndiye titani? Tikuikeni pa wamba, mvula yokha, nyimbo palibe. Kapena ngati golide mukumufunabe, ndikusinthireni nyimbo. Ilipo ya kwaya, yofatsa, ya pamaliro. Yogwirizana ndi udindo wanu."

Zinali zanzeru. A Mbewe akanakondwa. Gelesoni akanasowa chonena kwa sabata yathunthu, chinthu chimene sichinachitikepo chibadwire chake. Koma ndinaona a Nabanda ataima pafupi ndi mtondo, akundiimbira za mchere, n'kumva nyimbo yoperekeza mtembo.

"Golide," ndinatero.

"Chabwino. Ya kwaya ija eti?"

"Yomweyo."

"Yomweyo iti?"

"Ilipoyo."

"Ya majarini?"

Sanafunikire kukweza mawu chotero. Shopu yonse inatembenuka. Mayi wina wobereka mwana analuma nsonga ya chitenje.

"Mwamva," ndinatero.

A Yusufu anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anasisita ndevu, n'kudina zodinazo osafunsanso. Ndi munthu wokwatira nayenso.

"Chaka chino chipewa ndi chachikasu," anatero. "Muchitenga?"

"Bweretsani."

Anthu amandifunsa ngati umembala umenewu ndi woyenera kulipiranso chaka chikatha. Yankho langa ndi ili. Ngati mukufuna za mvula, tengani wamba, basera winayo ndi mphepo. Ndipo wogulitsa akamafotokoza, musamudule pakamwa. Za ine musatengerepo chitsanzo. Ndinalipira golide chifukwa cha kanthu kamodzi kamene sindinasankhe, kamene sindikamva n'komwe, ndiponso kamene kanandichotsera ulemu kuyambira kuno mpaka ku Dambe. Adzukulu anga sanditchulanso tcheya tikakhala patokha. Koma madzi osamba akubwerabe ofunda.

Nditatuluka m'shopumo ndinapeza Gelesoni atakhala pansi pa mtengo ndi akabaza aja. Kaya anabwera kudzagula chiyani, kaya anangonditsatira. Anaona chipewa chachikasu m'mutu mwanga n'kuimirira.

"A Majarini! Mwachotsa kapena mwawonjezera?"

Nthawi yomweyo foni inalira m'thumba. Ndinaitulutsa, kuyang'ana. A Nabanda. Iwo ankadziwa kumene ndapita ndi chimene ndapitira. Mchere kunyumba unalipo.

Chala chinapita chokha pa batani loyankhira. Ndinachibweza. Foni ndinaibwezera m'thumba ikulirabe.

"Ikulira iyo!" anakuwa Gelesoni. "Simuyankha? Mwina ndi maliro!"

Paja pabwino panali pasanafike. Ndinachotsa njinga pakhoma, kukonza chipewa, n'kuyamba kuikankha kulowera njira ya kwathu.